Chala cha a Mwanabibi

K420. Ndalama imeneyi ndinaiwerengera ndine, pa chivundikiro cha katoni ya sopo, mu Julayi chaka chatha cha 1979. Malata 64 pa K5.50 limodzi, K352. Mapaso ndi misomali, K51. Lole yochokera ku boma ku Mangochi, K17. Ndinawonkhetsa kawiri, ndipo a Mwanabibi, amene sadziwa kuwerenga, anandiuza kuti ndiwonkhetsenso kachitatu mokweza kuti amve ndi makutu awo.

Ine ndine Jestina. Ndimagula usipa pa doko la kwathu, kumtunda kwa Lungwena, n'kukagulitsa ku Limbe. Pobwerera ndimanyamula mchere, sopo ndi palafini. A Mwanabibi ndinawadziwira pa dokopo. Iwo amawamba kampango ndi milamba, ndipo mwa amayi onse owamba nsomba ndi iwo okha amene sindinawagonjetsepo pa mtengo. Ankanyamula nsomba m'dzanja n'kunena kulemera kwake, ndipo ukaika pa sikelo unkapeza kuti sanaphonye. Ndikatchula mtengo wotsika ankandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Amwali, kodi ku Limbeko akukuphunzitsani kuba kapena munapita mukudziwa kale?"

Anabadwira m'mudzi momwemo chaka cha dzombe. Sukulu sanaione. Ku madrasa anapitako miyezi ingapo, mpaka amayi awo atawafuna kuti azilera ang'ono awo. Anakwatiwa ndi Che Sulemani, mmisiri wosema mabwato, munthu amene ankatha tsiku lonse ndi mawu asanu. Anthu ankati banjalo n'lokhazikika chifukwa mawu onse a m'nyumbamo ankalankhula ndi a Mwanabibi. Ana anabereka asanu ndi awiri, anakula atatu. Aamuna awiri ali ku maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo amalemba kalata kamodzi pa chaka. Wamkazi anali mmodzi, Alima.

Alima anamwalira mu 1975, ali pa machira. Kuchokera kwathu kukafika ku kachipatala kathu ndi mailosi asanu ndi awiri, ndipo pakati pali mtsinje wopanda mlatho. Pa chipatalapo panalibe pogona amayi oyembekezera, choncho aliyense ankakhala kunyumba mpaka matenda atayamba. Alima anamunyamula masana, ataona kuti mwana wapingasa. A Mwanabibi ankayenda pambali pa machira atamugwira phazi. Atawoloka mtsinje anamva phazilo likuzizira. Sanauze onyamulawo. Anawasiya ayende mailosi awiri otsalawo, poti, monga anandiuzira okha, "ndikananena, akanaima."

Maliro atatha anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Chimene ankafuna ndi chidikiro: nyumba pafupi ndi chipatala, yoti mayi mwezi wake ukayandikira azikagonako n'kudikira tsiku lake. Anasonkhanitsa amayi 31 a midzi inayi, aliyense kumasonkha 10 tambala pa mwezi. Ndinawawerengera kuti pa liwiro limenelo malata okha akanawagula patatha zaka zisanu ndi zinayi ndi theka. Anandiyankha kuti sanandifunse.

Boma linali ndi thandizo la magulu odzithandiza okha ngati limeneli, koma kachitidwe kake kanali kotere: gulani ndi zanu, mangani, sungani malisiti, tidzakubwezerani. Kwa anthu a 10 tambala pa mwezi thandizo lotere lili ngati chitsime chakuya chopanda chingwe. Ndiye mu Julayi muja kunabwera a Gilford, kalaliki wa ofesi yoona za thandizolo, munthu wa ku Ntcheu, ali pa njinga yakapalasa, tayi m'khosi. Anatiuza kuti zinthu zasintha. Magulu ang'onoang'ono tsopano azilandira theka la ndalama patsogolo. Gulu la a Mwanabibi analivomereza K840. Makoma akangofika pamwamba, K420 ya denga ituluka. Yotsalayo, ya zitseko, mawindo ndi simenti ya pansi, idzabwera pambuyo.

Amayi anaimba nthungululu mpaka odwala anasuzumira pa mawindo a chipatala.

Kenaka a Gilford anatulutsa fomu. Inali ndi malo atatu: wapampando, mlembi, msungichuma. Cholembera ndinagwira ndine chifukwa ndinafika Sitandade 8, koma m'gulumo sindinalimo. Nkhani za uchembere kwathu n'za ntchembere. Mtsikana amene sanaberekepo amakhala kunja kwa mphasa, ngakhale adziwe masamu chotani.

"Wapampando ndi amayiwa, palibe funso," anatero a Gilford. "Nanga msungichuma?"

Onse anayang'ana pansi. A Mwanabibi analoza a Zena, mlamu wawo, mchemwali wa Che Sulemani.

"Ine?" anatero a Zena. "Chala changa chikaime pambali pa cha alamu anga, ngati tinavinidwa chaka chimodzi? Iyayi, bambo. Pamene wakhala wamkulu mwana sapondapo."

"Si nkhani ya ukulu, mayi. Ndi ntchito chabe."

"Ntchito tigwira. Dothi tiponda, madzi titunga. Koma za m'mapepala n'za amene anayambitsa."

Analoza wina, wina uja analoza wina. Kunena zoona, ulemu unalipo ndipo mantha analiponso, poti masiku ano munthu sathamangira kusiya chala chake pa pepala la boma. Anakankhirana mpaka dzuwa linapendeka, ine ndili ndi madengu anayi a usipa odikira lole ya 3 koloko. Ndine amene ndinanena kuti, "Bwanji tingolemba dzina la amayiwa malo onse atatu?"

A Gilford anatembenuza fomu n'kuwerenga kumbuyo kwake. "Palibe pamene akuletsa," anatero. "Koma ine sindinazionepo."

"Muzionera pompano," anatero a Mwanabibi, akutambasula dzanja.

Anadinda katatu. Ine lole ndinaipeza.

Njerwa zowotcha zinali za maziko okha, chifukwa nkhuni kunyanja kuno zimathera ku nsomba. Makoma anali a zidina, njerwa zongouma ndi dzuwa, zimene zimakhala zaka makumi ngati zili ndi denga. Chikombole anasema Che Sulemani, ndi mtengo wotsala ku bwato. Amayi anaumba zidina 5,200. Udzu chaka chimenecho sanamwete. A Zena atafunsa ngati sikungakhale bwino kusungako mitolo ingapo, ine ndinaseka. "Udzu wa chiyani? Malata akubwera."

Ogasiti yense a Mwanabibi ankalawirira ku chipatala, ndipo masiku ena ankagona konko kuti amisiri asachite ulesi. Che Sulemani anali akutsokomola kuyambira nthawi ya mwera. A Mwanabibi akawafunsa ankangoti, "Pitani, makoma sadikira." Pa 8 Sepitembala amisiri anali kumaliza khoma lomaliza, la kummawa. M'mawa umenewo Che Sulemani anamwa phala pang'ono, n'kunena kuti, "Lero mukanakhala." A Mwanabibi anayankha kuti abwera dzuwa lisanapendeke. Che Sulemani anamwalira chakumasana, ali ndi a Zena okha. Wokanena uthenga anawapeza a Mwanabibi atasenza chidina pamutu.

Mkazi wa Chisilamu mwamuna wake akamwalira amalowa eda: miyezi inayi ndi masiku khumi ali pakhomo, osavala zokongola, osayenda maulendo, osakhala ndi amuna achilendo. Ndili pa maliro pompo ndinawerenga ndi zala. Eda ya a Mwanabibi inali yodzatha pakati pa Januwale. Mvula kwathu imayamba kumapeto kwa Novembala.

Kalata ya ku boma inafika pa 2 Okutobala. Cheke chakonzeka, msungichuma abwere adzadinde chala pamaso pa wolipira ndalama. Ine ndi a Zena tinakwera lole, makadi achipani ali m'manja kuti asatitsitse pa njira. A Gilford anatilandira bwino, napepesa za maliro. Kenaka anatulutsa fomu ija.

"Ngati msungichuma sangathe, abwere mlembi," anatero. Anayang'ana pa pepala. "Kapena wapampando..."

Anasiyira pomwepo. Pa pepalapo panali zidindo zitatu, chala chimodzi.

"Buku la macheke simungapite nalo kumudzi?" ndinafunsa.

"Mchemwali, buku limenelo likatuluka pa khomo ili, inenso ndatuluka osabwereranso."

Njira inalipo imodzi: fomu yosintha dzina la msungichuma, yodindidwa ndi a Mwanabibi, yopita ku likulu kukavomerezedwa. Milungu isanu ndi umodzi, mwina isanu ndi itatu. Potuluka ndinalowa m'sitolo ya zitsulo kukapempha kuti atipatse malata tidzalipire pambuyo, ine ndisiye mpamba wanga wonse wa K63 ngati chikole. Mwini sitolo anandiuza kuti ndibwere ndi cheke, osati nkhani ya cheke.

A Zena anakafunsa kwa shehe wa mzikiti wa kwathu. Iwo anati chilamulo sichiletsa mkazi wa pa eda kutuluka masana ngati pali chofunika chenicheni, bola akagone kwawo. Nditamva ndinathamanga. Lole ya 6 koloko m'mawa, ku boma 9 koloko, pobwerera ya 3 koloko. Tsiku limodzi.

A Mwanabibi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga, atavala nsalu yofiira yakale imene inali itasuluka.

"Amayi, ashehe avomera. Tsiku limodzi lokha."

"Ndamva, amwali."

"Ndiye tinene Lachinayi?"

Anapitiriza kupeta. "Tsiku limodzi," anatero. "Amuna anganso anandipempha tsiku limodzi."

"Koma iwo ndi amene anasema chikombole! Akanakhalapo akanakuuzani kuti pitani."

"Ankandiuza choncho masiku onse, ine n'kumapitadi. Zaka 32 munthu uja sanandipemphepo kanthu. Anapempha kamodzi, ine ndinakasenza chidina." Anaika lichero pansi. "Masiku awa ndi awo. Si anga oti ndigaweko."

"Nanga Alima?"

Mawu amenewo ndimadandaula nawo mpaka lero. 

"Dzina limenelo si mwala wa pa sikelo yanu, amwali," anatero motsitsa. "Mwana wanga ndinamugwira phazi mpaka kumapeto. Bambo ake sindinawagwire paliponse."

Anatola lichero. Ine ndinatsanzika.

Amayi ena anapitakonso kukawanyengerera, awiriawiri, Lachisanu lililonse. Ena ankabwerako akulira, ena akung'ung'udza kuti munthu mmodzi sangamize thukuta la anthu 31. A Zena sanawapemphepo ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Ine ndinalipo tsiku lija. Achimwene ankayang'ana ku khomo."

Pa 19 Okutobala a Gilford anabwera ndi fomu yosinthira dzina. Galimoto ya ofesi inalibe mafuta, choncho anapalasa njinga njira yonse, nafika malaya atamatirira kumsana. Anakhala pa khonde la a Mwanabibi atafulatira chitseko. Pa khomo panali nsalu yotchinga, ndipo dzanja linatulukira pambali pa nsaluyo. Ndinaligwira ndine kuti ndiike chala pa inki. Linali litaonda, ndipo kuda kwa utsi wa nsomba kunali kutachoka m'zikhadabo.

"Pepani, mayi," anatero a Gilford osacheuka. "Tsiku lija ndikanaumirira."

"Munayesa, bambo," anayankha mawu kuseri kwa nsalu. "Ife ndi amene tinali ambiri."

Ulendo uno a Zena sanakane. Anadinda pa malo a msungichuma, n'kupukutira chala pa chitenje.

Chotsala chinali kuteteza makoma mpaka yankho litabwera. Udzu unali utapsa kale m'tchire monse, ndipo amene anamweta anali atafolera nyumba zawo. Tinaphimba pamwamba pa makoma ndi mphasa zakale, milaza, ndi mapepala apulasitiki amene ndimafundika usipa, n'kutsinjiza ndi miyala. Mvula yoyamba, ya pa 26 Novembala, makoma anapirira. Yachiwiri inabwera ndi mphepo n'kuulutsira mphasa ku munda wa chipatala. Tinazitola, tinaphimbanso. Sabata yachiwiri ya Disembala kunagwa mvumbi wa masiku anayi osakata. Khoma loyamba linagwa Lachiwiri masana. A Rosemary, namwino wa pa chipatalapo, anati silinachite phokoso, linangokhala pansi ngati munthu wotopa. Atatu enawo anatsatira pofika Lachisanu.

Tinapangana kuti a Mwanabibi asauzidwe. Koma a Zena atawapititsira madzi osamba, iwo anafunsa akuyang'ana kudenga: "Layamba la kummawa eti? Ndilo linali lomaliza. Silinaume bwino."

Chilolezo chochokera ku likulu chinafika pa 20 Disembala. Tinapitanso ku boma, ine ndi a Zena. Mu lole ndinali nditakonza kale zonse m'mutu: tilandire cheke, tigule malata mtengo usanakwere, tiwasunge kwa a Rosemary, makoma tidzamangenso chilimwe. Wolipira ndalama anatsegula buku, natenga inki, n'kufunsa funso limene lili pa fomu: "Makoma ali chilili?"

Ndinatsegula pakamwa, koma a Zena anandipitirira.

"Anagwa, bambo."

A Gilford, amene anaima pambali, anatsinzina. Ndalamayo inali ya denga la pa makoma oimirira. Popanda makoma, cheke anachilemba mzere, ndipo anatiuza kuti gulu lidzapemphenso mwatsopano.

"Mukanangokhala chete!" ndinawakalipira tili mu lole, kuiwala kuti ndi akuluakulu.

"Chala changa choyamba pa ndalama za boma chikhale cha bodza?" anatero a Zena. "Ndiye mawa akabwera kudzaona, wokagona ku polisi ndi iwe? Iwe wa kunja kwa mphasa?"



Eda inatha pa 15 Januwale. M'mawa mwake a Mwanabibi anasamba, navala nsalu ina, n'kutumiza mawu kuti ndiwaperekeze. Tinayenda mailosi asanu ndi awiri aja. Mtsinje tinawoloka madzi akufika m'chiuno. Pamene panali makoma panali mulu wa dothi, bonongwe atamera kale pamwamba. Maziko a njerwa zowotcha okha ndi amene ankaoneka, ali bwinobwino, ngodya zonse zinayi. Iwo anazungulira kamodzi, akuponda pa mazikowo.

Pa khonde la chipatala panali amayi awiri oyembekezera ochokera kumapiri, atayala ziguduli, miphika yawo ili pambali. Anabwera msanga poopa kuti mtsinje udzawatsekera, ndipo ankagona pomwepo, mvula ikawomba n'kumasunthira ku ngodya. A Mwanabibi anawapatsa moni n'kuwafunsa miyezi yawo. Mmodzi, wamng'onoyo, sankawadziwa.

"Akuti apo panayenera kukhala nyumba yathu," anatero akuloza mulu uja. "Koma mwini wake anakana kukatenga ndalama."

Mnzake anamugwira mkono, koma mawu anali atatuluka kale.

"N'zoona," anatero a Mwanabibi.

Anamasula mfundo ya nsalu yawo, natulutsa milamba iwiri yowamba imene anatenga ngati kamba, n'kuika pa chiguduli cha mtsikanayo. Kenaka anakapempha chikombole kwa a Rosemary, amene anachisunga m'chipinda cha makatoni. Anachipukuta ndi nsonga ya nsalu, nachisenza pamutu njira yonse yobwerera, n'kukachisiya pa khonde la a Zena.

Tisanasiyane anandiuza kuti, "Werenganinso, amwali. Mokweza."

Ndinawerenga. Malata akwera, tsopano ndi K6.20 limodzi, 64 ndi K396.80. Mapaso ndi misomali K58. Lole K22. Zonse K476.80. Ndalama ya patsogolo ikadzakhala K420 yomwe ija, tidzaperewera K56.80. Ndinawauza kuti imeneyo si yoopsa, ndi phindu la maulendo anga atatu a ku Limbe usipa ukachuluka mu Ogasiti, ndipo ndapereka kale m'mtima.

"Chabwino," anatero. "Koma dzina langa musalembepo."

"Ngakhale pa wapampando pokha?"

"Paliponse."

Ku misonkhano ya gulu sakupitanso, ngakhale 10 tambala yawo amatumiza. Pa doko anabwerera, ndipo zikhadabo zayambanso kuda. Sabata yatha ndinagula kwa iwo kampango asanu ndi mmodzi. Ndinatchula mtengo wotsika dala, wochititsa manyazi, kuti andinyoze monga kale. Anangolandira ndalamazo n'kumanga pa nsalu osaziyang'ana. Yotsalayo ndinakaisiya kwa a Zena kuti akawapatse.

Fomu yatsopano ndalemba kale. Wapampando ndi a Zena, mlembi ndi a Elina, msungichuma ndi a Lusiya, ochokera midzi itatu yosiyana. Anakankhiranabe pang'ono, koma sizinafike masana. Lolemba pa 4 Febuluwale tikwera lole ya 6 koloko kuti onse atatu akadinde pamaso pa a Gilford. Zidina ayamba kuumba mu Meyi mvula ikatha. Mu Juni timweta udzu, mitolo 120, cheke chibwere kapena chisabwere.